Iyi Siitha

Lachitatu, 14 Meyi

Okondedwa Bambo,

Khalani pansi kaye musanapitirize kuwerenga. Ngati muli pakhonde pa mpando wanu uja, khalani pomwepo, ndipo amayi akubweretsereni magalasi abwino aja, osati othyoka mwendo amene mwayamba kukakamira masiku ano. Ndili ndi nkhani ziwiri, ina yaikulu, ina yaikulu zedi, moti cholembera chikuthamanga kuposa mutu. Koma mwana woleredwa bwino amayamba ndi moni. Muli bwanji kumeneko? Bondo lija likuti chiyani? Kuno tili bwino tonse. Mkamwini wanu akungonenepa, ndipo mdzukulu wanu wayamba kukana madiresi amene ndimamusankhira, akuti ndi a nthawi ya agogo.

Mudabwa kuti kalata ya chiyani foni ilipo. Chifukwa chake mukuchidziwa. Pafoni, nkhani ikangokhotera ku ntchito yanga, mumati, "Chabwino, nawa amako," basi mwachoka. Pepala simungalidule mawu, ndiye lero mundimvera mpaka kumapeto.

Nkhani yoyamba nayi: andikweza. Mwana wanu Tolatola ndi pulofesa! Sabata yatha mkulu wa yunivesite anandiitanitsa ku ofesi yake. Ndinapita nditakonzeka kukangana, poganiza kuti ndi dandaulo la masiku onse lija, loti chipinda changa chosungiramo zinthu zotayidwa chikununkhitsa nyumba yonse ndipo aphunzitsi a zamalamulo akulephera kupuma. Ndinalowa nditakwinya nkhope, mayankho ali kale kukamwa. Munthu uja anangoimirira n'kundigwira chanza ndi manja awiri. Ndinayankha zopusa, Bambo. Ndinati, "Ndiye za fungo zija zatha?" Anaseka mpaka kutsokomola. Anandiuzanso kuti akutsegula gawo latsopano lofufuza mmene anthu amagulira ndi kutayira zinthu, ndipo wolitsogolera ndine. Nditatuluka ndinakadzitsekera m'chipinda chonunkhacho, pakati pa maketulo akufa ndi mafoni osweka, n'kuvina ndekha mpaka thukuta.

Ndikuvina choncho ndinakumbukira inu. Dzina la Tolatolali munandipatsa ndinu, masiku amene ndinkaswera kuseri kwa sitolo yanu ndikutola makatoni a mawailesi ndi zitsekerero za mabotolo. Nditakula n'kunena kuti ndikufuna kuphunzira za zinyalala, munavula magalasi n'kundifunsa kuti, "Anzako akukhala madokotala, iwe ukufuna digiri ya m'bini?" Digiri ya m'biniyo yandiyendetsa. Yandiimika kumtaya dzuwa lili pamutu, nditavala majombo ndi magolovesi, ndikusanthula zimene mzinda wasanza. Yandipititsa kumayiko ozizira kumene ndinaona majekete ovalidwa kamodzi akutayidwa ndi mapepala a mtengo ali lendelende. Yandibweza muno mumzinda mmene ndinakulira, ngakhale inu ndi amayi munasamukamo kutsatira achimwene. Zaka zonsezi funso langa lakhala limodzi: n'chifukwa chiyani tikugula kwambiri chonchi, tikutaya msanga chonchi, pamene nthaka ndi mitsinje zatopa kutilandirira?

Ndikudziwa kuti funso limeneli limakupwetekani. Sindinaiwale tsiku lija ndinalankhula pa wailesi kuti ogulitsa amatiphunzitsa kunyansidwa ndi zimene tili nazo kuti tigule zina. Munandiimbira foni madzulo ake, mawu ali ozizira, n'kuti, "Ndinakuphunzitsa ndi mafiriji, lero ukuuza anthu asagule mafiriji. Wakhuta, ndiye mphika wayamba kukununkhira." Kuchokera pamenepo simunabwereko ku chochitika changa chilichonse. Musayembekeze kuti ndipepesa m'kalata muno, chifukwa zimene ndinanenazo ndikuzinenabe, ndipo liumali mukudziwa kumene ndinalitenga. Koma zinandiwawa, Bambo, ndipo zimandiwawabe ndikaona mpando wanu uli wopanda munthu.

Tsopano nkhani yachiwiri, koma ndiyambire patali pang'ono kuti muimve kukoma. Chaka chathachi tinayamba kafukufuku wa m'makomo. Tinkafuna kudziwa kuti chinthu chimatha liti: ketulo, mpando, nsapato, wailesi. Funso loyamba ndinalilemba ndekha, ndi ukatswiri wanga wonsewu, kuti, "Ndi zinthu ziti zimene zatha m'nyumba muno?" Mayankho atabwera, mnzanga wa masamu, amene amasandutsa mayankho kukhala manambala, analowa mu ofesi yanga atagwira mutu. Anati, "Mayi, malinga ndi kafukufuku wanuyu, chinthu chimene chimatha kwambiri mumzinda muno ndi shuga." Kenako sopo, mchere, mafuta ophikira. Anthu ankaganiza kuti tabwera kudzagawa! Mayi wina anathamanga kukatenga chigubu. Bambo wina anayang'ana kuchipinda n'kunong'ona kuti, "Muno chatha ndi chikondi." Tinaseka mpaka misozi, ntchito ya mwezi wathunthu itapita m'madzi.

Koma kulakwitsa kumeneko n'kumene kunanditsegula maso. Ndinaona kuti liwu lakuti kutha lili ndi makomo ambiri. Shuga amatha, nsapato imatha, fasho imatha, munthu amatha. Tinasiya mapepala, tinayamba kulowa m'makhitchini kukaona tokha ndi kumvera mmene anthu amalankhulira za katundu wawo. Ndipo chimene tapeza, chimene chandipatsa upulofesawu, n'chakuti zinthu zambiri zimayamba kutha pakamwa. Ketulo ikhoza kukhala ikuwiritsa madzi bwinobwino, koma tsiku limene mwini wake wanena kuti "yatha iyi," amasiya kuitsuka, chingwe chikasupuka samanga, imapita pakona, kenako imafadi. Tikaitola kumtaya n'kuitsegula, timapeza kuti chinavuta ndi kawaya kamodzi.

Ndiye Lachisanu lapitali ndinali kuyenda m'makomo a mumsewu wa kuseri kwa sitolo yanu yakale. Musafunse za sitoloyo, tsopano amagulitsamo mafoni ndi tizikwama tawo tonyezimira, ndipo shelefu yaitali ija anaichotsa. Ndinakwera masitepe a nyumba ina yosanja, yopenta zobiriwira, n'kugogoda. Ananditsegulira mayi wina wokalamba, namwino wopuma ntchito, wamfupi, wamaso akuthwa, ndodo m'manja. Nditafotokoza kuti ndikufuna kuona chinthu chakale kwambiri chimene akugwiritsabe ntchito, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Chakale kwambiri? Kupatula ineyo? Lowani mayi, koma mupukute mapazi."

Panjira yopita kukhitchini panali firiji yatsopano ya zitseko ziwiri, yonyezimira, yosalumikiza kumagetsi. Anati anawagulira ndi ana awo. Anatsegula kuti ndione: munali nsapato za kutchalitchi ndi mabulangete. "Mphemvu sizilowa," anatero, "ndi kabati yabwino kwambiri." Kenako tinalowa m'khitchini yopapatiza, ya zenera limodzi, ndipo pakona panali firiji ina, yaifupi, yamapewa ozungulira, imene kale inali yoyera koma tsopano ili ngati dzino la munthu wokonda tiyi. Chitseko chake anachiikira kokolowekera ka pazenera. Inali kulira pansipansi, mkati muli zii.

Ndinafunsa funso langa la masiku onse, kuti bwanji sanaitaye.

"Kuitaya? Ndiye kuti ndagonjatu," anatero mayi aja. "Imeneyi ndili nayo pa mpikisano. Khalani apo ndikuuzeni. Ndinali mkwatibwi wa dzulodzulo, khungu lili see, ndikayenda anthu kutembenuka. Talowa m'sitolo ndi malemu amuna anga. Kunatulukira kabambo kena ka tayi yofiira, yotambalala ngati lilime la ng'ombe, pensulo kukhutu."

Mawu akuti kabambo ndi awo, Bambo, si anga. Ine ndikungopereka uthenga.

"Ndafunsa mwaulemu wanga kuti, kodi abambo, imeneyi ilimba? Iye anangokweza dzanja chonchi."

Mayi aja anatsamiritsa ndodo kukhoma, n'kukweza dzanja, n'kumenya pamwamba pa firiji ija kawiri. Pha! Pha!

"'Mayi, mudzayamba kutha ndinu. Iyi siitha!'"

Bambo, pomwepo ndinadziwa kuti kabamboko ndinu. Kulira kumeneko ndinakulira nako. Ndinkakumva ndili pansi pa kauntala ndi makatoni anga, tsiku lililonse, mpaka mzinda wonse unaiwala dzina lanu lenileni n'kumangoti a Siitha. Ndinangoti kukamwa yasa, makina ojambulira mawu ali m'manja. Mayi aja sanaone n'komwe, nkhani inali itawakoma.

"Chipongwe chimenecho! Pamaso pa mwamuna wanga! Ndinalumbira tsiku lomwelo kuti firiji imeneyi ndidzaiona ikufa, ndidzaikweza pangolo, ndikamutulire pakhomo pa sitolo yakeyo. Koma ine sindipambana mwachinyengo. Ndimaisamala ndendende mmene ananenera. Madzi akaundana sindikanda ndi mpeni, ndimaikamo beseni la madzi ofunda. Sindiigunditsa kukhoma, akuti imafuna kupuma. Kumbuyoku ndimapukuta. Labala wa pachitseko ndasintha, sindikudziwanso kangati. Idzafe yokha, isadzapeze chonamizira. Ndiye taonani mmene mpikisano ukuyendera. Amuna anga anatha. Mano anatha. Maso akutha. Sitolo yakeyo inatha. Iyi? Tamverani."

Tonse awiri tinamvera firiji ikulira. Kenako anapukusa mutu n'kuwonjezera kuti, "Anali ndi kamwana kake kauve, kamamina, kankakwawa m'makatoni. Kanandipatsa chitsekerero cha botolo ngati mphatso. Kaya kanathera kuti."

Ndinati, "Mayi, kanathera m'khitchini mwanu muno. Ndine."

Anakhala pampando mwadzidzidzi moti ndinaopa kuti ndawapha, mpikisano n'kuthera pomwepo. Anandiyang'anitsitsa, kenako anayamba kuseka, kuseka kwenikweni kogwira nthiti, nanenso n'kuyamba, misozi ili chuchuchu. Ulemu wa "mayi" unathera pomwepo. "Iwe? Kamamina kaja? Ndiye wakula n'kumatolabe zinyalala!" Anandiphikira tiyi, mkaka wake wochokera m'firiji momwemo. Ndiye ali kusonkhezera shuga, anafunsa osandiyang'ana kuti, "Bambo akowo alipo?" Ndinati alipo. Anati, "Atha?"

Ndinayankha kuti, "Ayi, sanathe." Ndinayankha msanga, mokweza, mpaka supuni inagwa. Chifukwa chake ndikuuzani kutsogoloku.

Mukudziwa kuti pulofesa watsopano amakamba nkhani pamaso pa yunivesite yonse, atavala mkanjo, abale ake atakhala kutsogolo. Yanga ili Lachisanu lachiwiri la mwezi wamawa, masana. Ndili m'khitchini muja maganizo anandibwerera ngati mphezi: firiji imeneyi ikaime pansanja pambali panga, yolumikiza kumagetsi, anthu aimve ikulira. Ndinapempha kuti andibwereke. Mayi aja anaganiza pang'ono, n'kugogoda pansi ndi ndodo.

"Firiji yanga siyenda popanda mwini mawu. Abwere iyeyo, ndimuone ndi maso angawa asanatheretu. Tikhale atatu pamodzi, anthu aweruze kuti akutsogola ndani. Akapanda kubwera, firiji siituluka pakhomo pano."

Apa ndiye pali mlandu wanga, ndipo ndi wa masiku omwewa. Ndinavomera, Bambo. Ndinati mubwera. Sindinalekere pomwepo: Lolemba ndinapereka mutu wa nkhani yanga, ndipo dzulo zikwangwani zamatidwa m'makoma onse a yunivesite, zilembo zikuluzikulu, IYI SIITHA. Ophunzira akuima n'kumafunsana kuti siitha chiyani. Galimoto yonyamula firiji ndapeza kale, ndi amuna amphamvu oitsitsa pamasitepe paja. Chatsala ndi inu nokha. Mukakana, mwana wanu akaima pansanja ndi mkanjo watsopano, akuloza pakona popanda kanthu.

Koma sindikukuitanani kuti mundipulumutse ku manyazi okha. Manyazi ndinawazolowera, munthu wogwira ntchito kumtaya. Amayi amandiuza zinthu, ndipo musawakalipire, ndimachita kuwakakamiza ndine. Anandiuza kuti matayi anu onse munawalonga m'katoni kuti aperekedwe kwa ena. Kuti inu, munthu amene simunkatuluka m'nyumba nsapato isanawale, mumatha masiku osameta ndevu. Kuti anzanu akabwera kudzakutengani kokayenda mumanamizira bondo, ngakhale tsiku limene bondolo lili phee. Ndiponso kuti mlendo akakufunsani moyo mumaseka n'kuti, "Ife tinatha, tikungodikira lole ya zinyalala." Amayi amati mumanena mocheza. Ine sindikuseka nawo. Ndathera moyo wanga wonse ndikuona zimene zimachitikira chinthu chikanenedwa mawu amenewo. Ndaziona pa maketulo, pa mipando, pa mawailesi abwinobwino, ndipo sindikhala pansi n'kumaonerera zikuchitika pa bambo anga. Ndikuopa, Bambo. Ndicho chifukwa chake ndinakuwa m'khitchini mwa eni ake.

Ndipo tamverani izi, mwina mukhululukira wailesi ija. Nditachoka kwa mayi aja, ine ndi mnzanga wa masamu tinabwereranso mumsewu womwewo ndi misewu yoyandikana nayo, kufunsa za katundu wochokera m'sitolo yanu. Tapeza simbi yositira, tapeza wailesi ya matabwa, tapeza mbaula ya magetsi imene yalera ana ndi zidzukulu. Eni ake ambiri dzina la sitolo analiiwala, koma onse akukumbukira dzanja lija ndi mawu aja, ndipo ena amayeserera n'kumenya kawiri. Munawauza kuti siitha, iwo anakhulupirira, ena anakwiya, koma onse anasamala. Mawu a akuluakulu amakomadi akagonera. Ndiye pa tsikulo ndikanena zomwe ndinanena pa wailesi, kuti alipo ogulitsa amene amatinong'oneza kuti "yatha, gulani ina." Kenako ndikanena kuti ine ndinaleredwa ndi wogulitsa wa mtundu wina, ndipo umboni wake ndi uwu ukulira apawu. Zaka zonsezi takhala tikukangana, osadziwa kuti tili pa ntchito imodzi. Digiri ya m'bini ija tigawana pakati, mufune musafune.

Za ulendo musadandaule. Achimwene avomera kale kukuyendetsani, mpando wakutsogolo aubweza kumbuyo kuti mwendo uwongoke, ndipo muziima panjira pamene mwafuna. Holo yake ilibe masitepe, ndakayendamo ndekha dzulo kuti nditsimikize. Mudzagona kwathu, m'chipinda cha mdzukulu wanu, amene wayamba kale kuchotsa zithunzi za oimba kukhoma kuti agogo asadzidzimuke. Ndipo musayerekeze kunena kuti achimwene apite okha adzakuuzani mmene zayendera. Kandimverere anakanena za m'maluwa, komanso achimwene mukuwadziwa, amagona nkhani ikangopitirira mphindi zochepa.

Ntchito yanu ndi yochepa. Simudzakamba nkhani, pokhapokha mutafuna, ndipo ndikudziwa kuti mukangoona anthu mudzafuna. Ndikadzakukodolani, mudzanyamuke, mudzafike pa firiji, mudzakweze dzanja. Zotsalazo dzanja likudziwa lokha. Mayi aja adzakhala pampando woyandikana ndi wanu, ndipo akuti akukasokeretsa diresi yatsopano, yoyamba m'zaka zambiri, kuti musadzaganize kuti mwapambana. Taonani, ngakhale pano mukugulitsabe zinthu! Za tayi yofiira musavutike kufufuza m'katoni muja. Amayi anaichotsamo tsiku lomwelo, ili pansi pa nsalu zawo, ndipo akuti aisita.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti nsapato zawo za hilu asiye, holo ndi yoterera. Moni kwa achimwene, alamu anga ndi ana onse. Mkamwini wanu akupereka moni waulemu, ndipo akufunsa ngati mungadzamuonereko wailesi ya m'galimoto, imene iye akuti yatha. Ndamuuza kuti mawu amenewo adzawanene pamaso panu ngati ali mwamuna.

Mayi a firiji nawonso anandipatsira uthenga ndikutsika masitepe. Anaima pamwamba, atagwira chitsulo cha m'mbali mwa masitepe, n'kukuwa kuti nyumba yonse imve: "Ukamuuze kuti ine sindinathe, firiji siinathe. Asayerekeze kuyamba iyeyo, mpikisanowu sanalowe nawo kuti athawe!"

Ndafika kumapeto kwa pepala, Bambo. Kusukulu anatiphunzitsa kutseka kalata ndi mawu akuti "Ndatha ine mwana wanu," ndipo makalata onse amene ndinakulemberani ndili kutali ndinkatseka choncho. Lero dzanja lakana. Mawu amenewo ndawaletsa m'banja mwathu, kuyambira kwa ine mpaka kwa inu. Metani ndevu, pukutani nsapato, mubwere. Ndikakuikirani mpando kutsogolo, ndipo ulendo uno sindikufuna kuuona wopanda munthu.

Sindinathe ine,
mwana wanu wokukondani,

Tolatola